Munthu Akakugwadira, Umudzutse

Mwana wanga Tadala,

Ndikukulembera ndili pabenchi panga mumsika, makatani ali lende pachingwe, ogula kulibe. Dzuwa la lero lawathamangitsa onse, ndiye ndati m'malo momangoingitsa ntchentche ndigwire cholembera. Udabwa kuti mayi ako akulemberanji kalata chonsecho tikugona nyumba imodzi, ya khoma loti ukatsokomola kuchipinda kwako ine ndimamva. Chifukwa chake ukuchidziwa. Ine ndikayamba nkhani yaikulu ndimathera kukukalipira za mbale zosatsuka, iwe n'kuyamba kuseka, nkhani n'kufera pomwepo. Pepala lokha silindidula mawu.

Mawa ukupita kusukulu ya polisi. Ndikunyadira, usakayike. Kutchalitchi ndauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Koma m'nyumba mwathu muli chinthu chimene chikundilemera, ndipo ndi bambo ako. Chibwerere uthenga woti wasankhidwa, sanakuyankhulepo mawu opitirira moni wa m'mawa. Ndakhala ndikukuona ukuwathirira madzi osamba m'manja, maso ako ali pankhope pawo kudikira kuti mwina anena kanthu, iwo n'kungosamba, n'kuyang'ana kumbali. Dzulo unandiuza kuti, "Masteni, ngati madala sakufuna angonena, ndizipita ndikudziwa kuti andikana." Mawu amenewo anandilasa. Sindikufuna ukwere nawo minibasi.

Zoti bambo ako anagonapo m'selo umazidziwa, koma umazidziwa pamwamba chabe. Unali usanabadwe. Tinali titangokwatirana kumene, tikuchita lendi kachipinda kamodzi konkuno ku Bangwe, iwo akugwira ntchito yophika buledi ku Limbe. Buledi amaphika anthu asanadzuke, choncho ankanyamuka m'mbandakucha, wapansi, atavala nsapato zawo zakuda zimene anavala tsiku la ukwati wathu. Nsapato zimenezo ankazikonda kuposa ine. Ndimawauza mpaka lero, ndipo sakana. Lachisanu lina anakumana ndi galimoto ya apolisi ikusesa anthu mumsewu. Anafunsidwa kumene akupita, iwo anati kuntchito. Anafunsidwa chitupa cha ntchito, analibe, popeza abwana awo sankapereka zitupa. Basi, kwerani. Mlandu wake unali vakabu, kutanthauza kuti wapezeka pamsewu pa nthawi imene wapolisi wakukayikira.

Uthenga unandipeza masana. Ndinaphika mbatata, ndinathira thobwa m'botolo, ulendo. Polisi yake sinditchula, anthu ake anapuma kale ntchito. Pakauntala anandiuza kuti ndilawe chakudyacho iwo akuona, monga amachitira ndi aliyense wobweretsera chakudya munthu wotsekeredwa. Ndinaluma mbatata, n'kumwera thobwa. Kuseri kwa kauntala kunali mulu wa nsapato ndi malamba, chifukwa munthu polowa m'selo amavula zimenezi. Pamwamba pa muluwo panali nsapato za bambo ako, imodzi itagona cham'mbali. Ndinazizindikira ngati ndaona nkhope yawo.

Pamenepo ndinachita zimene agogo ako anandiphunzitsa. Ndinagwada pasimenti, manja pamodzi, n'kunena kuti, "Bwana, pepani, tikhululukireni, sadzachitanso." Sadzachitanso chiyani? Kupita kuntchito? Sindinadzifunse n'komwe. Ife anatilera kuti wamkulu akakwiya sufunsa kuti ndalakwanji. Umapepesa kaye, mtima wake ukatsika m'pamene nkhani imakambika. Ndi mmene timathetsera milandu ya mbuzi yalowa m'dimba la mnzako, ndi mmene timasungira maukwati. Wapolisi uja sanandimenye, sananditukwane. Anangocheukira mnzake n'kunena kuti, "Mwamva? Ngakhale madamu akudziwa kuti bambowa ndi ovuta." Anandisiya chigwadire, n'kuitana munthu wotsatira.

Mawa lake ndinathamangira ku Chilobwe kwa amalume ako a Wisoni, achimwene anga aakulu. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Mlongo, boma salimbana nalo. Akafika kukhoti alamuwo angovomera, apepese, tipereke fayini, azibwera kunyumba. Akakana awapititsa ku rimandi, mvula igwa ali komweko." Ananena mwachikondi, ndipo palibe wa ife amene akanaganiza zina. Paja timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ine ndinkangofuna moto uzime msanga. Ndinakawanong'oneza bambo ako pa kawindo ka waya kuti avomere. Iwo anati, "Ndivomere chiyani, Enelesi? Ine ndimapita kuntchito." Ndinalira mpaka anagonja. Kukhoti anawatengera sabata inayo ili pakati, ndipo mlandu unatha msanga kuposa kuwiritsa madzi a tiyi.

Titabwerera kukauntala kuja kukatenga katundu, lamba anapezeka, nsapato ayi. Anawauza kuti angosankha zina pamulupo. Bambo ako anakana, anati savala nsapato za munthu amene akadali m'kati. Anayenda opanda nsapato mpaka ku Bangwe, dzuwa likuswa mtengo, ine ndili pambuyo ndi botolo lopanda kanthu. Kuntchito anapeza atalemba kale munthu wina. Atakafunsira yaulonda pakampani ina, anawatuma kukadinda zala, ndipo yankho linabwera loti munthuyu khoti linamupezapo wolakwa. Kwathu ukapepesa mlandu umatha, madzulo mumadyera limodzi. Kuboma ukavomera amalemba, ndipo zolembazo sizimva pepani. Umu ndi mmene bambo ako anakhalira wosoka nsapato pansi pa mtengo wa pasiteji paja, ntchito imene yakulipirira sukulu mpaka folomu folo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi imeneyo malamulo aakulu oyendetsera dziko lino anali atalembedwa kale. Tinali titavota, tinali titavina kuti ufulu wafika. Koma ife tinkayesa ufulu ndi wa anthu andale, woti azinenana pamisonkhano osamangidwa. Sitinkadziwa kuti umafikanso kwa munthu wophika buledi. Ndinadzamva patapita zaka, iwe uli kumsana, pamene amayi ena ophunzitsa zamalamulo anabwera kumsonkhano wathu wa amayi kutchalitchi. Anati munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva. Anati ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe woyenera kumukakamiza kuvomera. Anati asapitirire maola 48 asanaonekere kukhoti, komanso belo ya kupolisi salipira. Anatinso munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa ndi umboni. Anzanga ankaomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo, chitenje chili kukamwa, ndikuwerenga mumtima zonse zimene tinataya chifukwa chosadziwa. Safunsa anadya phula, koma ife tikanafunsa ndani? Amene ankadziwa anali kuseri kwa kauntala, ndipo sanatiuze.

Tsono mwana wanga, iwe ukupita kukaima kuseri kwa kauntala imeneyo. Mvera bwino apa, zina zonse ukhoza kuiwala. Anthu adzakugwadira. Adzabwera amayi amsinkhu wanga, adzabwera madoda a imvi, adzakutcha bwana, iwe amene mpaka lero sudziwa kuchapa kolala ya malaya. Adzapepesa asanamve n'komwe mlandu. Usadzayese kuti akuvomera kulakwa. Ndi ulemu umene anawalera nawo, ndiponso ndi mantha. Munthu akakugwadira, umudzutse. Umupatse benchi akhale. Umuuze chimene m'bale wake wamangidwira, ndipo ukaona kuti agogowo akumva bwino Chilomwe kapena Chiyao, ufune woti awamasulire. Umuuze kuti sakukakamizidwa kunena kanthu. Umuuze kuti belo ndi yaulere, usadikire kuti afunse, chifukwa sadzafunsa. Iwe sizidzakutengera ngakhale nthawi yomwera kapu ya madzi, koma kwa iyeyo ndi ntchito yake, banja lake ndi dzina lake.

Kulakwitsa kwanga kwina n'koseketsa, ndipo iwe unali mboni. Uli wamng'ono ukakana kusamba ndinkakuopseza kuti ndikuitanira apolisi. Amayi tonse a mu laini yathu tinkatero, ndipo ana ankati akaona yunifomu n'kubalalika ngati anapiye aona kabawi. Iwe wekha unali wamakani. Tsiku lina unaima m'bafa, sopo ali m'mutu, n'kundiyankha kuti, "Aitaneni, ndiwauza kuti madziwa ndi ozizira." Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Lero ndikaganiza ndimaona kuti mwana ndiye ankalondola. Wapolisi ndi munthu woti ukamuona uzimuuza chimene chakuvuta, osati kuthawa. Ife makolo tinadzala mantha m'mitima ya ana, ndipo iwe ukawapeza atakula nawo. Usakawagwiritse ntchito mantha amenewo, ngakhale amafulumizitsa zinthu. Munthu wamantha amavomera chilichonse, ngakhale kuba ng'ombe imene sanaionepo.

Usaganize kuti bambo ako amadana ndi lamulo. Ukukumbukira chaka chija bambo wina anandibera katani pabenchi pompano? Iwe unali kusukulu, unangomva nkhani madzulo. Ndinakuwa kuti wakuba, msika wonse n'kudzuka. Anamugwirira pafupi ndi siteji, ena atatola kale miyala, wina akufunsa kuti tayala lili kuti. Ine mtima unali m'mwamba, ndinkati amuthibule ndithu aphunzire. Bambo ako anadzuka pampando wawo, hamala ili m'manja, n'kukaima pamutu pa munthu uja. Anati, "Ameneyu apite kupolisi. Amene akufuna kuweruza akayambe wakhala majisitireti." Anthu anadabwa, wina n'kunena kuti, "Amisiri, inuyo lero mukutchula polisi?" Sanasunthe mpaka munthuyo anamutenga wamoyo. Madzulo ndinawafunsa, ndikadali wokwiya. Anati, "Make Tadala, ine ananditsekera osandimva, ndikudziwa mmene zimawawira. Uyu ngakhale wabadi, amumve kaye."

Ndiye udziwe kuti ufulu si mphoto ya anthu abwino. Udzakumana ndi anthu oipa enieni, ogwirira ana, othyola nyumba za amasiye, ndipo dzanja lidzakuyabwa. Anzako ena adzakuuza kuti mbama imodzi imatsegula pakamwa. Pamenepo m'pamene malamulo aakulu aja amayesedwa, osati pa munthu wovala tayi amene wabwera ndi loya wake. Ukalola kuti woipa amenyedwe lero chifukwa ukutsimikiza kuti ndi woipa, mawa wina adzatsimikizanso chimodzimodzi za munthu wopita kukaphika buledi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Gwira munthuyo mwamphamvu, sonkhanitsa umboni wako mosamala, umutengere kukhoti nthawi isanathe. Kuweruza usiyire amene anapatsidwa ntchitoyo.

Ine ndikudziwa tsiku limene ntchito imeneyi inakulowa mumtima. Ndi nthawi ya namondwe wa Freddy, matope atatsika phiri n'kukokolola nyumba ya amalume ako ku Chilobwe. Tinapita tonse kukawafuna, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, tinawapeza amoyo. Koma pamene ankagoneka anthu ofukulidwa m'matope panali wapolisi wina wamkazi, matope mpaka m'mawondo. Anthu ankatulutsa mafoni kuti ajambule, iye n'kumawatchinga ndi thupi lake, akupempha amayi kuti abwereke zitenje. Ankangoti, "Chonde, awa ndi anthu, ali ndi abale awo." Iwe unavula chitenje chako n'kumupatsa. Pobwerera, titafika pa geti unati, "Masteni, ntchito yanga ndaiona." Amayi ophunzitsa malamulo aja anatiuza kuti ulemu wa munthu palibe amene angauchotse. Ine ndinazimvetsa bwino tsiku limenelo, pamene ndinaona munthu wa yunifomu akuusunga ngakhale kwa anthu amene sakanathanso kudandaula.

Kumene ukupitako akakuphunzitsa kumvera, ndipo umvere ndithu. Kamwa yako ija yoyankha usanafunsidwe unatengera kwa ine, uisiye kuno ndikusungira. Koma uzikumbukira kuti pamwamba pa bwana wako pali bwana wina, pamwamba pa ameneyo pali wina, ndipo pamwamba pa onsewo pali malamulo aakulu a dziko, amene ngakhale pulezidenti amalumbira kuti adzawatsata. Mphamvu imene udzakhale nayo ndi yobwereka kwa anthu, kwa ine ndi anzanga ogulitsa tomato. Tsiku lina adzakuimika pamsewu anthu akuchita zionetsero, ndipo m'gulumo mudzakhala amene unayimba nawo kwaya. Kuyenda pamsewu mwamtendere n'kunena zimene zikuwapweteka ndi ufulu wawo, ngakhale akunena zokunyansa. Woswa sitolo umugwire. Koma utsi wokhetsa misozi sudziwa kusankha, umalowa ndi m'nyumba momwe muli makanda, ifenso kuno tinaulawapo tili phee pakhomo pathu.

Lamulo lenilenilo limatha kulakwa, ndipo pali pokalikonzera. Zaka zingapo zapitazo wailesi inalengeza kuti khoti lagamula zoti lamulo lija la vakabu, lomanga munthu pongomukayikira, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndinasiya benchi osatseka, n'kuthamangira pasiteji kukawauza bambo ako. Ndinawapeza amva kale, kawailesi kawo kali pambali, singano ili m'manja koma osasoka. Ndinati, "Mwamva? Akuti simunalakwe." Iwo anati, "Ndiye nsapato zanga zija abweza?" Tinaseka tonse awiri, koma iwo anatembenukira kumtengo, n'kumapukuta m'maso ndi nsanza ya polishi. Kwa ife chigamulocho chinabwera mochedwa. Koma chinabwera chifukwa munthu wina wamba ngati ife, m'malo mogwada, anafunsa. Ukadzakumana ndi munthu wofunsa mafunso pakauntala pako, usadzamutche wamwano.

Zina ndi zazing'ono. M'chikwama ndakuikira chiponde ndi shuga, usagawe zonse sabata yoyamba pofuna kutchuka. Tsitsi akakakumeta usalire, limamera, ndipo mutu wako si woipa kwambiri. Anyamata a kumeneko adzakuuza kuti yunifomu ikukukhala. Uwayankhe kuti ukudziwa kale, mayi ako anakuuza. Za ndalama za m'misewu sindinena zambiri, unakulira m'nyumba imene simunalowepo chinthu chosadziwika kochokera. Ukapeza mpata uziimba foni, ngakhale kungoflasha, ndiziimba ndine.

Tsopano za nsapato zako. Zakuda zija unagula pakaunjika kuti ukavale popita, zimene wakhala ukuzifuna nyumba yonse kuyambira Lolemba mpaka kunamizira galu wa aneba. Sizinabedwe. Anatenga ndi bambo ako iwe utapita kukatunga madzi, anazikulunga m'jumbo ngati munthu wakuba, n'kundiopseza kuti ndisanene. Lero pobwera kuno ndinadzera pamtengo paja. Ndawapeza achotsa soli yakutha ija, aika ina yatsopano, asoka mizere iwiri kuzungulira, m'kati aikamo kachikopa kofewa kuti zisakutupitse chidendene. Makasitomala atatu anali pabenchi kudikira, iwo osawayang'ana n'komwe. Polishi apaka mpaka ndinadziona nkhope.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga bwanji osangomuuza mwanayo kuti mwamulola?" Anati, "Ndikatsegula pakamwa pamabwera za tsiku lija, ndiye ndimaopa kumulemetsa nazo." Anapitiriza kupukuta nsapato imene inali itawala kale. Kenako anati, "Umuuze iweyo. Akamavula munthu nsapato pakauntala, aziika pabwino. Potuluka azimubwezera zonse ziwiri." Ndawauza kuti ndikuuza, ndipo ndi izi ndakuuza.

Ndiye usapite ukuganiza kuti akukana. Munthu amene wakukana sakusokera nsapato za ulendo. Akuopa, monga ndikuopera ine, kuti mwana amene tamulera angadzasiye mayi wina chigwadire pasimenti. Ine ndawauza kuti wathuyu ayi, ndipo ndikudalira iwe kuti usandichititse manyazi, chifukwa ukudziwa mmene ndimadanira ndi kugonja pa mkangano ndi bambo ako.

Mawa nsapatozo uzipeza pakhomo pa chipinda chako. Iwo adzakhala atapita kale kuntchito, dala, kuthawa kutsanzikana. Usakwerere minibasi pa geti. Uzivale, unyamule chikwama, uyende wapansi mpaka pasiteji, ukaime patsogolo pa mpando wawo. Usakachuluke mawu, ndipo usakagwade. Ukangoima chilili, aone mmene zakukhalira.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Ndimakukonda kwambiri.

Ndine mayi ako,
Enelesi